Mafunso ndi mayankho: kulandirana m'dzina la Khristu kuno ku Zomba

Mafunso awa ndinawamva m'malo osiyanasiyana. Ena anafunsidwa pa mlaga (kagulu ka Akhristu a dera limodzi kopemphera m'nyumba), ena panja pa tchalitchi titatuluka m'mapemphero, ena pamaliro usiku tikuwotha moto. Woyankha ndine mkulu wa mpingo wamba amene ndakhala ku Zomba zaka zambiri. Mukaona pamene ndaphonya, tsegulani Baibulo mundikonze.

Amalawife timadziwa kale kulandira alendo. Chikhristu chikutiphunzitsanso chiyani?

Zoona, ulemu umenewu sitinauphunzire kwa amishoni. Asanafike ku Domasi a mpingo wa ku Scotland mu 1884, agogo athu ankadziwa kale kuti munthu akati "odi", umamulandira katundu, kumuyalira mphasa, kumupatsa madzi, malonje pambuyo. Mlendo safunsidwa ngati adye, amangoona madzi osamba m'manja afika. Nkhuku imafa. Pochoka timamuperekeza mpaka kumsewu, kamba ali m'manja.

Koma tamverani mwambi womwe timalimbikitsana nawo: mlendo ndi mame. Ndiye kuti pirira, sachedwa kukamuka. Timapha nkhuku mosaumira chifukwa tikudziwa kuti mawa kapena mkuja munthuyo akwera minibasi. Amene amativuta ndi mlendo wosakamuka: mkamwini amene wamanga nyumba pamudzi, banja lomwe lasamukira ku Matawale ndipo tikhala nalo benchi imodzi zaka khumi, mwana wa achimwene amene makolo ake anatisiya. Woposa onsewa ndi uja si mlendo n'komwe, amene timamudziwa pamodzi ndi mbiri yake yonse.

Pa Aroma 15:7 Paulo akuti tilandirane monga Khristu anatilandira. Ankalembera Akhristu a mumzinda umodzi amene ankayang'anana ndi diso lofiira. Mfumu Klaudio anali atathamangitsa Ayuda ku Roma, monga tiwerenga pa Machitidwe 18:2, mpingo n'kutsala m'manja mwa a mitundu ina. Iye atamwalira m'chaka cha 54 AD, Ayuda anayamba kubwerera, n'kupeza kuti mthiko wagwidwa ndi ena. Panabuka mikangano ya zakudya ndi masiku opatulika, yomwe yadzaza chaputala 14. Paulo sanadikire kuti ayambe agwirizana pa zonsezo. Anawauza kuti alandirane mkangano ukadalipo, chifukwa Khristu anali atawalandira onse kale, ndipo Iye sanawalandire ngati mame.

Kodi ili ndi lamulo, kapena ndi mphatso ya anthu ansangala okha?

Ndi lamulo. Levitiko 19:33-34 akuti mlendo wokhala pakati panu musamuzunze, akhale ngati mbadwa, popeza inunso munali alendo ku Ejipito. Pa Mateyu 25 Yesu akudziika yekha m'gulu la anjala, alendo, odwala ndi am'ndende. Pa 1 Timoteo 3:2 kuchereza alendo kuli pakati pa zoyenereza woyang'anira mpingo. Ife posankha akulu a mpingo timafufuza za banja ndi za mowa, koma sindinamvepo wina akufunsa ngati chitseko cha munthuyo chimatseguka.

Petro anawonjezerapo kamawu kena pa 1 Petro 4:9, kuti tichereze popanda kung'ung'udza. Zikuoneka kuti ankadziwa zimene zimanong'onedwa kukhitchini mlendo ali pabalaza.

Lamulungu lililonse timaimiritsa alendo, kuwaombera m'manja ndi kuwaimbira. Si zokwanira?

Zomba ndi tauni ya obwera. Inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo mpaka lero anthu amangosinthana: asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, anamwino, ogwira ntchito kundende, ophunzira za uphunzitsi ku Domasi, ana a ku yunivesite ya Chanco amene amachita lendi ku Chikanda. Choncho mwambo woimiritsa alendo tinauzolowera kwambiri moti timauchita maso ali pa wotchi.

Ndinene za ine mwini. Mnyamata wina wa ku yunivesite anaimirira tsiku lina, anatchula dzina ndi mpingo wakwawo, tinaomba m'manja. Patapita nthawi ndinakumana naye mumsika waukulu ndikugula matemba. Ndinamupatsa moni mwansangala, ndati, "Alendo athu, mukupezako bwanji ku Zomba kuno?" Anaseka pang'ono mwaulemu, n'kunena kuti, "Bambo, ndatha chaka ndi theka ndikupemphera nanu." Dzina lake sindinalidziwe. Kumene ankagona sindinkakudziwa. Anadwalapo malungo sabata yathunthu, wa kumpingo ndi mmodzi yemwe sanaponde pakhomo pake. Matembawo tsiku limenelo sanandikomere.

Lamulungu loyamba ndi losavuta. Ntchito ili pa lachiwiri ndi lachitatu, nyimbo ya alendo itaimbiridwa ena. Gwirani dzina. Funsani kumene akukhala, mukamuone. Muuzeni kumene mlaga kapena mphakati wa dera lake umakumana, ndipo musangomulozera, mukamutenge. Kenako mutumeni kanthu, kaya kuwerenga mawu, kunyamula mabenchi, kapena kuthandiza kuphika pamaliro. Kumudzi munthu amasiya kukhala mlendo tsiku limene mwamupatsa khasu, ndipo kutchalitchi n'chimodzimodzi.

Dziwaninso kuti si onse amafuna kuimirira. Wina wabwera banja litangotha, wina watha zaka zisanu osaponda m'tchalitchi, ndipo wakhala kumbuyo dala. Kumukakamiza kudzitchula pamaso pa gulu ndi kumupirikitsa. Woteroyo amangofuna munthu mmodzi woti akhale naye pafupi.

Ndikamulandira munthu amene akukhala m'tchimo, sindiye kuti ndavomereza tchimolo?

Funso ili limabwera kawirikawiri, ndipo ofunsa ambiri amafunsa ndi mtima woona. Taonani ndondomeko ya nkhani ya Zakeyu pa Luka 19. Yesu anayamba ndi kunena kuti lero ndikhala kunyumba kwako. Anthu anang'ung'udza. Zogawa theka la chuma kwa osauka ndi kubweza kanayi zinatuluka m'kamwa mwa Zakeyu pambuyo, Mlendoyo atamulandira kale. Ife timakonda kutembenuza: yamba wabweza, kenako tidzaone ngati tingadye nawe. Kwa mkazi wogwidwa m'chigololo uja, pa Yohane 8, Yesu ananena zonse ziwiri, kuti sakumutsutsa, komanso kuti asakachimwenso. Sanameze chimodzi.

Mwambo wa mpingo ulipo ndipo sindikuutsutsa. Koma munthu akadulidwa, waimitsidwa ku mgonero ndi pa udindo. Moni sanaimitsidwe. Kuzondedwa akadwala sanaimitsidwe. Paulo yemwe uja analamula chilango pa 1 Akorinto 5 ndi amenenso akulemba pa 2 Akorinto 2:6-8 kuti chilango chakwana, mukhululukireni ndi kumutonthoza, angamizidwe ndi chisoni.

Pamene timalephera kwambiri ndi pa atsikana otenga mimba asanakwatiwe. Mimba imaoneka, ndiye mtsikana amasenza manyazi onse yekha, wopereka mimbayo akuyenda momasuka, mwina akuimbabe kwaya kwina. Anzake amaletsedwa kucheza naye. Amayi ake amayamba kujomba ku Mvano poopa maso a anthu. Boma linalola kale, kuyambira 1993, kuti mtsikana akabereka abwerere kusukulu. Zimandichititsa manyazi kuona mpingo ukuuma mtima kuposa boma. Amayi a Mvano, kapena a bungwe lililonse la amayi mumpingo mwanu, pitani mukamuone mwanayo asanachire, mumuperekeze kusikelo, ndipo khanda likabadwa mukalinyamule.

M'bale wina watuluka kundende ndipo wayamba kubwera kutchalitchi kwathu. Anthu akuopa. Titani?

Ndende yaikulu ya Zomba inamangidwa mu 1935, ndipo kumakhala ena a milandu ikuluikulu. Mipingo yambiri imapitako kukalalikira, kukapereka sopo ndi shuga nyengo ya Khrisimasi, n'kubwerako ikuchitira umboni kuti akaidi alapa. Chodabwitsa n'chakuti wolapa yemweyo akatulukira pachipata cha tchalitchi, amayi amakokera zikwama pamiyendo. Timamukonda akakhala kuseri kwa mpanda.

Mantha amenewa si achilendo. Saulo atafika ku Yerusalemu, ophunzira onse anamuopa, osakhulupirira kuti watembenukadi. Machitidwe 9:27 akuti Barnaba anamutenga n'kupita naye kwa atumwi. Panafunika munthu mmodzi woika mbiri yake pachiswe. Mumpingo mwanu Barnaba ndani? Akhale naye benchi imodzi, amuperekeze kwa a mfumu ndi kwa abale ake, amufunire ganyu. Munthu wotuluka kundende wopanda chochita ndiponso wopanda womupatsa moni sachedwa kubwerera kwa anzake akale, chifukwa iwo okha ndi amene amamulandira.

Nzeru isasowe. Amene anamangidwa pa nkhani ya ndalama musathamangire kumupatsa usungichuma. Amene analakwira ana asayandikire Sande sukulu, ngakhale atalira misozi yotani polapa, ndipo mumuuze chifukwa chake maso ndi maso. Ngati wolakwiridwa ali mumpingo momwemo, yambani mwakhala naye pansi. Musamukakamize kugwirana chanza ndi womulakwirayo pamaso pa mpingo kuti inu muoneke okhululuka. Nayenso ndi woyenera kulandiridwa, ndipo bala ndi lake.

Nanga wodwala maganizo amene amasokoneza mapemphero?

Dziko lonse limatiseka ndi nthabwala ija yakuti "ameneyu ngofunika ku Zomba", chifukwa chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili kuno. Ife okhala pafupi nacho tikanayenera kukhala oyamba kusiya nthabwalayo. Awa ndi matenda, ndipo ambiri amakhala bwinobwino akamamwa mankhwala mwandondomeko. Mupempherereni, inde, koma musamuuze kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro. Akayamba kulankhula mokweza mkati mwa ulaliki, munthu amene amamudziwa atuluke naye mwaulemu, akhale naye pamthunzi. Achinyamata anayi omugwira ngati mbuzi safunika.

Pa Marko 5, munthu wa kumanda uja atachira anapempha kutsagana ndi Yesu. Yesu anamubweza kwawo, kwa abale ake. Kuchira kwake kunayenera kukathera pakati pa anthu omwe aja ankamumanga ndi unyolo.

Za khunyu ndinene mwachidule: sapatsirana. Munthu akagwa, chotsani zomwe zingamupweteke, osamuika kanthu m'kamwa, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali.

Anansi anga ndi Asilamu. Kuwalandira kumafika pati?

Aliyense amene wayenda msewu wa ku Songani, Domasi mpaka Malosa akudziwa kuti kuno mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anana. M'mabanja ambiri malume ndi shehe, mphwawo ndi dikoni. Maliro timalira limodzi, chigayo ndi chimodzi, mjigo ndi umodzi. Atsogoleri a zipembedzo ziwirizi akhala pa tebulo limodzi m'bungwe la zipembedzo la Public Affairs Committee kuyambira 1992.

Mukawaitana kudzadya, chitani zoti adye ndi mtima umodzi. Nkhumba isayandikire, ngakhale mphika wake. Nkhuku apatseni iwo achinje okha, monga amachitira anthu akuno kuyambira kale. M'mwezi wa Ramadan musawakakamize thobwa masana. Kuchita izi si kusiya chikhulupiriro chanu. Akakufunsani za chiyembekezo chanu, yankhani mofatsa ndi mwaulemu monga 1 Petro 3:15 anenera. Chimene ndimakana ndi kusandutsa nsima kukhala nyambo, kuti ukadya kwathu ndiye Lamulungu tikuone kutchalitchi. Munthu amazindikira msanga ngati mbale ili ndi mbedza. Msamariya uja analipira kunyumba ya alendo n'kupitiriza ulendo wake, osafunsa wovulalayo kuti amapembedza kuti.

Ufa kwathu ndi wa lero lokha. Ndichereza bwanji?

Timati chakudya sichichepa, chimachepa ndi chovala. Mwambi ndi wabwino, koma amene anaonapo Januwale ndi Febuluwale nkhokwe ili mbee akudziwa kuti nthawi zina chimachepadi. Musadziimbe mlandu. Yesu pa Mateyu 10:42 anatchula chikho cha madzi ozizira. Mpando, madzi ndi khutu lomvetsera n'zokwanira kuti munthu achoke akudziwa kuti anafika kwa anthu. Ndipo musakongole katapila kuti mugule nkhuku ya mlendo.

Namondwe Freddy atagwetsa nyumba mu Malichi 2023, anthu anagona m'makalasi ndi m'matchalitchi, ena kwa anansi. Amene ndinawaona ine akutsegula zitseko usiku, thandizo la mabungwe lisanafike, anali a nyumba za zipinda ziwiri.

Abambo, pano ndilankhule nanu. Ambirife timaitana alendo ndi pakamwa, ntchito yonse n'kugwera amayi: kutunga madzi, kufuna nkhuni, kuganiza za ndiwo, kudya zotsala. Werenganinso Genesis 18. Sara anakanda ufa, koma Abrahamu, nkhalamba, anathamangira kukhola kukasankha mwana wa ng'ombe, ananyamula chakudya yekha, n'kuimirira pambali alendo akudya. Musanauze munthu kuti "mukagona kwathu", yambani mwafunsa mayi a kunyumba.

Masiku ano kuli akuba ndi atambwali. Tizingotsegulira aliyense?

Ayi. Yesu amene anatiuza kukhala oona mtima ngati nkhunda anatiuzanso kuchenjera ngati njoka. Munthu wosamudziwa akagogoda usiku kuti wasowa pogona, mutha kumuthandiza popanda kumugoneka chipinda chimodzi ndi ana anu. Dziwitsani a mfumu, achitetezo a m'mudzi kapena mkulu wa mpingo woyandikana nanu, kuti nkhaniyo isakhale ya nyumba imodzi. Wonena kuti wasowa thiransipoti, muperekezeni kudepoti mukamulipirire nokha. Mudzanamizidwabe nthawi zina. Ine ndinanamizidwapo kangapo, ndipo sindinasauke nazo.

Akhristu oyambirira ankakumana nazonso. Kabuku kakale kotchedwa Didache kamalangiza kuti wapaulendo wobwera m'dzina la Ambuye athandizidwe, akhale masiku awiri kapena atatu, ndipo akafuna kukhazikika agwire ntchito adye. Ndiye m'bale amene anabwera kudzafuna ntchito "kwa sabata imodzi", pano watha miyezi isanu ndi itatu akungosintha matchanelo pa TV, mukhoza kukhala naye pansi. Mupatseni zochita pakhomo, mugwirizane tsiku. Kulankhula poyera kuli bwino kuposa kumuwerengera mitanda ya nsima mwakachetechete.

Bwanji olemera amapatsidwa mipando yakutsogolo?

Chifukwa tikufuna malata a tchalitchi. Yankho loona ndi limenelo. Yakobo 2 anafotokoza kale chithunzi chonse: wa mphete yagolide akuuzidwa kuti khalani pabwino apa, wa sanza akuuzidwa kuti ima uko. Pa tsiku la chopereka chapadera, yang'anani amene akulandiridwa pagalimoto ndi amene wabwera wapansi kuchokera ku Sadzi n'kupeza mabenchi adzaza. Kulemekeza akuluakulu si tchimo. Koma ngati pali woyenera mpando wakutsogolo, ndi gogo amene samva bwino.

Gogo wina akunenedwa za ufiti ndipo anthu asiya kukhala naye pafupi. Mpingo ulowererepo?

Ulowererepo msanga, zisanafike pa miyala. Nkhani zotere zimagwera okalamba, makamaka amayi amasiye osowa owateteza, ndipo kawirikawiri zimabuka pakagwa maliro adzidzidzi kapena mkangano wa munda. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Abusa kapena akulu a mpingo akapita masana, anthu akuona, kukakhala pakhonde pa gogoyo ndi kudya chimene wawapatsa, mudzi wonse umamva uthengawo popanda ulaliki. Moyo wake ukakhala pachiswe, dziwitsani apolisi.

Abale athu achialubino nawonso akhala mwamantha chifukwa cha nkhanza zimene zachitika m'zigawo zathu zino. Mayina owanyoza aja asamveke pakamwa pa mwana wa Sande sukulu. Mapemphero akakhala panja, asungireni malo pamthunzi, ndipo akathera usiku musawasiye kuyenda okha.

Kutchalitchi kwathu anthu amakhala m'magulu potengera kwawo. Ndi vuto?

Kumva chilankhulo chakwanu kutali ndi kwanu n'kokoma. A kumpoto akaima pambali n'kumacheza m'Chitumbuka titatuluka, palibe cholakwa. Vuto limayamba pamene maudindo, maukwati ndi thandizo la pamaliro ziyamba kuyenda m'mizere imeneyo, kapena m'mizere ya zipani nyengo ya chisankho. Mpingo woyamba unakumana nazo pa Machitidwe 6, amasiye olankhula Chigiriki atayamba kuiwalidwa pogawa chakudya. Atumwi sanakane kuti vuto lilipo. Anasankhitsa amuna asanu ndi awiri, ndipo onsewo mayina awo ndi Achigiriki.

Amene amati "obwera" azikumbukira mbiri ya dera lino. Ayao anafika m'zaka za m'ma 1800 n'kupeza Amang'anja. Alomwe ambiri analowa kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka zomwezo ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1900, n'kumagwira thangata m'minda ya azungu, akutchulidwa dzina lonyoza. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique dziko lino linasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni. Mukafukula bwino, ambirife agogo athu anayalilidwapo mphasa ndi eni dera.

Ine ndi amene ndinapita kutchalitchi kangapo, palibe anandipatsa moni. Ndibwererenso?

Pepani. Munalakwiridwa, ndipo mwina wokulakwiraniyo ndine, monga ndinachitira ndi mnyamata wa ku yunivesite uja. Kawirikawiri si chidani. Anthu amatuluka akuthamangira misonkhano ya mabungwe, ena akuopa kupatsa moni wa alendo munthu amene mwina ndi wakale. Koma kwa wolandira mphwayizo, ululu ndi womwewo.

Yesaninso, koma ulendo uno musadalire gulu la Lamulungu. Pitani kwa mkulu wa mpingo kapena katekisiti, mumuuze dera limene mukukhala, mufunse kuti mlaga kapena mphakati wakumeneko umakumana liti, kwa yani. Ngati muli ndi kalata yosamukira, perekani. Pagulu la anthu khumi ndi asanu n'kovuta kuti munthu asaoneke. Kwathu timakumana Lachinayi madzulo, nyumba zimasinthanasinthana, ndipo mipando siikwana. Obwera mochedwa amakhala pamphasa pamodzi ndi ana.